Kaphiri Komwe Kanalibe Golide

Mabuku ambiri a mbiri amati mzinda wa Johannesburg unabadwa m'chaka cha 1886, pamene mkulu wina dzina lake George Harrison anapeza mwala wa golide pa famu ya Langlaagte. Kuchokera pamenepo nkhani yake imangothamanga: matenti, zisakasa zamalata, migodi, njanji, mabanki. Pomatha zaka khumi, malo omwe kunkangolira mphepo m'maudzu anali ndi anthu oposa 100,000. Ife a ku Malawi timautchula mzindawu kuti Joni, ndipo kunena zoona timaudziwira kunsi. Agogo athu ankafikira m'makomboni a pamigodi, m'mawa n'kutsikira pansi pa nthaka, madzulo n'kutuluka dzuwa litapendeka. Ndi ochepa mwa iwo amene anaimapo pamalo okwera n'kuuona mzindawo kuchokera pamwamba.

Komatu pakatikati pa mzinda womwewu, makilomita ochepa kumpoto chakumadzulo kwa nyumba zosanjikizana za m'tauni, pali kaphiri kotchedwa Melville Koppies. Liwu loti koppie m'chinenero cha Afrikaans limangotanthauza kaphiri, ndipo dzina linalo linachokera ku dera loyandikana nako la Melville, lomwe linakhazikitsidwa mu 1896. Malowa ndi aakulu mahekitala pafupifupi 150 ndipo ali m'zigawo zitatu: chakum'mawa, chapakati ndi chakumadzulo. Anawapatula kukhala malo otetezedwa mu 1959. Chigawo chapakati chili mumpanda, ndipo ine ndinalowamo Lamulungu lina m'mawa pamodzi ndi kagulu ka anthu osapitirira khumi, motsogozedwa ndi mayi wina wachikulire wa gulu la anthu ongodzipereka amene amasamalira malowa.

Chinthu choyamba chimene mlendo amazindikira ndi bata. Msewu waukulu wa Beyers Naudé uli pafupi pomwepo, koma ukangokwera pang'ono phokoso la magalimoto limatsalira m'munsi, umangolimva ngati mtsinje wakutali. Pamwamba pali udzu, miyala, timitengo tatifupitifupi ta protea, ndi nkhanga zomwe zimathawa ulesi poti palibe wozitchera. Ukaponya maso kum'mwera chakum'mawa umaona nsanja ya Hillbrow, kum'mwera ya Brixton, kumpoto nyumba zagalasi za Sandton, ndipo kunja kukayera bwino mapiri a Magaliesberg amaonekera chapatali. Pakati ponsepo ndi mitengo yokhayokha, yobiriwira mpaka nyumba kubisika.

Apa m'pamene maso amanamiza munthu. Mlendo amaganiza kuti nkhalangoyo ndiyo yachilengedwe, kaphiri koyera udzuka ndiko kanagwetsedwa mitengo. Zoona zake n'zotembenuza. Dziko lino linali la udzu, ndipo mitengo ya m'munsimo inachita kubzalidwa ndi manja, yoyambirira yake pofuna milimo yochirikizira migodi kuti isagumuke, yotsatira pofuna mthunzi m'makomo mwa eni migodi. Bulugama anachokera ku Australia, jakaranda ku South America. Ndiye kuti pa zonse zimene maso amaona kuchokera pamwambapo, chakale kwambiri ndi pamene mapazi aponda.

Kaphirika kanapulumuka chifukwa cha umphawi wake. Miyala yake ndi yakale zaka pafupifupi mabiliyoni atatu, ya mtundu womwewo wa mtandadza wa Witwatersrand, koma mzere weniweni wa golide unadzera kum'mwera. Banja la Geldenhuys linagula mbali ya famu ya Braamfontein, momwe munali kaphirika, nthawi yomwe aliyense ankalota golide. Anafufuza, koma sanapezepo chopindula nacho, basi n'kutembenukira ku ulimi. Damu la Emmarentia lomwe lili m'munsi mwake linatchedwa dzina la mkazi wa Lourens Geldenhuys, ndipo linamangidwa itatha nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi mu 1902, pofuna kupatsa ganyu Mabunu omwe anatsala manja lende. Pakanapezeka golide, bwenzi lero pali chidzenje ndi mulu wa mchenga wachikasu ngati uko ku Crown Mines.

Mayi wotitsogolera uja anatisonyeza timiyala tosongoka tomwe anthu akalekale ankasendera nyama ndi kupalira zikopa. Akatswiri amati zina mwa zida zamwala zopezeka pano n'zakale zaka mazana a zikwi. Ndinamvetsera mwaulemu, koma zaka zochuluka chotero mutu wanga suzigwira. Chimene chinandiimitsa ndi china. Chapamwamba pa kaphirika, pamalo omwe anawatchinga kuti mvula isawononge, pali kachulu kadothi kobowoka pakati, kakafupi moti mwana angakadumphe. Munthu wosadziwa angakadutse poyesa chulu chophwasuka. Ine ndisanauzidwe n'komwe ndinati mumtima, iyitu ndi ng'anjo.

Anaifukula mu 1963 Revil Mason, katswiri wa zofukulafukula wa pa yunivesite ya Witwatersrand. Kagwiridwe kake ka ntchito n'komwe akuluakulu athu ankakadziwa. Mkati ankaikamo makala ndi miyala yachitsulo yophwanyaphwanya, mosanjikiza. M'mbali ankalowetsamo timipope tadothi, ndipo anthu ankasinthana kupopa mivukuto yachikopa kwa maola ambiri kuti moto ukolere kufikira dothi lenilenilo litafiira. Chitsulo sichinkasungunuka n'kuyenderera ngati madzi ayi. Zomwe zinkayenderera ndi zinyalala za mumwalamo, ndipo pansi pankatsala chibuma cha chitsulo chamaenjemaenje chimene wosula ankachiotchanso n'kumachimenya mpaka chitasanduka khasu, nkhwangwa kapena mkondo. Ntchito imeneyi inkadya makala ochuluka zedi, choncho pafupi pankayenera kukhala mitengo, madzi, dothi labwino, ndi mudzi wokhala ndi chakudya chokwanira kudyetsa amuna omwe sali kumunda. Ng'anjo imodzi ndi umboni wa mudzi wathunthu. Ndipotu pa kaphiri pomwepa pali zotsalira za mipanda yamiyala ya makola ndi nyumba.

Amene anafikako ku nkhalango ya Kasungu anaonako ng'anjo zathu, zazitali kuposa munthu, zokoka mpweya zokha ngati chumuni popanda mvukuto. Ya ku Johannesburg ndi mng'ono wake, mamangidwe osiyana koma nzeru yake imodzi. Kwathu osungunula chitsulo ankadika masiku onse a ntchitoyo, osalowa m'nyumba kwa akazi awo, ndipo ng'anjo inkamangidwa kutali ndi mudzi. Ena amafika ponena kuti dzina loti Maravi linachokera ku malawi a ng'anjo zoyaka usiku. Kaya n'zoona kaya ndi nthano yokometsera, chachikulu n'chakuti kuyambira kunyanja kwathu mpaka kumapiri ano, anthu ankatulutsa chuma m'mwala kalekale George Harrison asanabadwe. Kusiyana kwake n'kwakuti khasu lotuluka mu ng'anjo linkalima munda wa yemwe walisula kapena wa mnansi wake.

Eni ng'anjoyi anali makolo a anthu olankhula Chitswana ndi Chisutu, omwe anakhala m'dera lino zaka mazana angapo. Midzi yawo inabalalika m'zaka za m'ma 1820, pa chipwirikiti chomwe chinabwera ndi Mzilikazi ndi ankhondo ake atachoka kwa Shaka. Chipwirikiti chomwechi ndicho chinaolotsa Zwangendaba mtsinje wa Zambezi mu 1835 n'kutibweretsera Angoni. Mzilikazi naye anathamangitsidwa ndi Mabunu mu 1837 n'kukathera ku dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Mabunu pofika anapeza mabwinja ndi anthu ochepa obisala, ndipo anati dziko lilibe mwini. Bodza limeneli linakula, linalowa m'mabuku a sukulu, ndipo boma la tsankho linalikonda kwambiri: ankati akuda ndi azungu anafika m'dziko muno nthawi imodzi, choncho palibe analanda mnzake.

Taganizani tsono chaka chomwe ng'anjoyi inatulukira. Mu Julayi 1963 apolisi anagwira atsogoleri a ANC pa famu ya Liliesleaf ku Rivonia, mbali yakumpoto ya mzinda womwewu, ndipo mlandu womwe unatsekera Nelson Mandela ndi anzake moyo wonse unayamba chaka chomwecho. Pamene khoti linkaweruza anthu odandaula za dziko lawo, dothi la pakaphiri linkapereka umboni wake mwakachetechete. Mu 1968 boma lomwelo linalengeza malowa kukhala chikumbutso cha dziko. Ine ndimaona kuti linatero chifukwa ng'anjo yozima siopsa. Mwini wake akanakhala wamoyo, akanamufunsa pasi.

Migodi yeniyeni siioneka kuchokera pa Melville Koppies. Ili kuseri kwa mtunda wakum'mwera. Koma Mmalawi sangaime pamenepo osaiganizira. Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe ife tinkangoti Wenela, linayamba kutenga anthu ku Nyasaland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anthu ochokera kotentha ankafa ndi chibayo mochititsa mantha m'nyengo yozizira ya kuno, moti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwenikweni. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Ngakhale pa nthawi ya chiletso anthu ankapitabe paokha, wapansi, ndipo mmodzi wa iwo anali mnyamata wa ku Kasungu, Kamuzu Banda, yemwe anagwirapo ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg asanapite ku America mu 1925. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya dziko lino. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo anathera pomwepo. Kamuzu anaimitsa ulendo wa ku Wenela. Unayambiranso pang'ono pansi pa dzina la TEBA, ija timati Theba, mpaka unatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa mkangano wa zoyeza magazi.

Mayi uja analoza chakumadzulo n'kutiuza kuti kuseri uko ndi ku Sophiatown. Kumeneko kunali kumodzi mwa malo ochepa m'tauni komwe munthu wakuda ankatha kukhala ndi puloti yakeyake. Pa 9 Febuluwale 1955 apolisi 2,000 anafika m'bandakucha ndi malole n'kuyamba kusamutsira anthu ku Meadowlands. Nyumba zinagwetsedwa, pamalopo panamangidwa za azungu, dzina n'kukhala Triomf, kutanthauza chipambano. Dzina lakale linabwerera mu 2006, koma eni ake ambiri anali atagona kale. M'munsi mwenimweni mwa kaphirika muli manda aakulu a Westpark, komwe anaika Nkosi Johnson, mwana uja anaima pamsonkhano waukulu wa Edzi ku Durban mu 2000 n'kumwalira chaka chotsatira ali ndi zaka 12.

Chigawo chakumadzulo chilibe mpanda wotseka ngati chapakati, ndipo alendo amachenjezedwa kuti asayendemo okha. Koma Lamulungu simukhala mopanda anthu. Mipingo ya chizioni ndi ya chipostoli imakwera kumeneko ndi mikanjo yoyera, yobiriwira ndi yamtambo, gulu lililonse pabwalo lake lozungulira lomwe udzu unathapo ndi mapazi. Mphepo ikatembenuka, ng'oma ndi nyimbo zimafika mpaka pa ng'anjo paja. Pali okonda zachilengedwe ena amene amadandaula kuti mapazi ndi moto zimawononga udzu, ndipo dandaulo lawo lili ndi mutu. Komabe ine sindinathe kuwaona opempherawo ngati olowerera. Ambiri a iwo ndi antchito a m'nyumba, alonda ndi osamalira maluwa, okhala m'tizipinda takuseri kwa nyumba za mabwana kapena m'mafulati othinana a ku Hillbrow. Mumzinda wonsewu, pakaphiri ndi pamene angakweze mawu popanda wogogoda khoma.

Potsika, pafupi ndi msewu, ndinamva mnyamata wovala mkanjo woyera akulankhula Chichewa pa foni. Atamaliza ndinamupatsa moni.

"Kodi ndinu akumudzi, bambo?" anafunsa, nkhope yonse ili mwee.

Anati kwawo ndi ku Mangochi, ndipo amathirira maluwa ndi kudulira mitengo pa nyumba ina ku Emmarentia. Za ng'anjo anali asanamvepo, ngakhale amadutsa pampandapo sabata iliyonse. Za Wenela ankazidziwa bwino: agogo ake anapitako kawiri, anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chomwe sichinawasiye. Ndinamuuza kuti mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano woti makampani a migodi ya golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni randi kwa omwe anadwala matenda a fumbi la m'migodi ndi TB, kudzera ku bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo kuti mabanja a omwe anamwalira nawonso ali ndi mwayi wodandaula. Anapukusa mutu.

"Mapepala awo anadyeka ndi chiswe kalekale. Nanga nambala yawo ya kumgodi angaikumbuke ndani?"

Kenako anandifunsa tsiku lobwerera kumudzi, ndi ngati m'chikwama mwanga mungatsale malo a nsapato za sukulu za mwana wake wamkazi, yemwe anamusiya akukwawa ndipo tsopano ali Sitandade 3. Tinapangana zokumana Lachitatu ku Park Station, basi isananyamuke.