Kakombo wa ku Kachulu si lotus wa ku India

Mukatsikira ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, n'kufunsa msodzi dzina la duwa loyandama pafupi ndi njedza, akuuzani kuti ndi kakombo. Ambirife pomasulira timangothamangira kulemba "lotus". Chisokonezochi n'chakale ndithu. Mu 1753 Linnaeus anaika kakombo wa ku Africa, Nymphaea lotus, m'gulu limodzi ndi duwa lija la ku Asia. Mu 1763 Adanson analipatula la ku Asialo, nalitcha Nelumbo. Kenaka m'zaka za m'ma 1990 kafukufuku wa DNA anaonetsa kuti Nelumbo ndi m'bale wa protea, zitsamba za pa phiri la Zomba pompa, osati wa kakombo wathu. Yang'anani tsamba: la kakombo n'long'ambika mpaka pakati, la Nelumbo n'lathunthu ngati lichero.