Besi ya nsambo imodzi ili ndi mbiri yake kuno kwathu

Ambiri amati zida zolira mozama monga cello ndi double bass n'za azungu, ndipo Mmalawi sangadye nazo. Kuti zidazi zinachokera ku Ulaya n'zoona. Koma kuti khutu lathu silidziwa besi, ayi, pamenepo ndikukana.

Ayao, omwe ndi ochuluka m'chigwa cha Domasi, ndiponso Anyanja anali ndi kaligo, choimbira cha nsambo imodzi chokwecha ndi kauta. Besi ya bokosi inabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1950, pamodzi ndi nyimbo za kwela zochokera ku Joni.

M'chaka cha 1967, Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Austria, anapeza anyamata akuimba kwela m'misewu ya Blantyre. Anali Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka. Pansi pa gitala ndi chitoliro chawo pankagunda besi: bokosi lathabwa, mtengo woimika pamwamba pake, ndi chingwe chimodzi. Woimba amaponda bokosilo, n'kumakoka mtengo kuti chingwe chikungike mawu akwere, akauleka mawu atsike. Palibe chizindikiro chomuuza poimira, khutu lokha ndilo limamutsogolera. Moya Aliya Malamusi anaimba besi yotereyi m'gulu la Donald m'mayiko ambiri, ndipo anadzatenga digiri ya udokotala ku Vienna. Mu 1987 buku lofotokoza nyimbo za ku Malawi, lomwe Kubik analemba mothandizana ndi Donald ndi a Malamusi, linatuluka ku Chancellor College ku Zomba. Daniel anamwalira chaka chomwecho, Donald mu 2001.

Kenaka kiyibodi inalowa m'matchalitchi ndi m'masitudiyo, besi yake yopangidwa kale, ndipo ife tinayamba kuona bokosi ngati chida cha amphawi. Pamenepo m'pamene tinataya njira. Lero Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi Yobu Maligwa wa Madalitso Band akuomberedwa m'manja ku Ulaya chifukwa cha babatoni, besi ya nsambo imodzi, pomwe ana athu ambiri sanaigwirepo.

Ku Domasi kuli koleji ya aphunzitsi, komanso Malawi Institute of Education yomwe imakonza zimene ana amaphunzira m'sukulu. Aphunzitsi athu, itanani amisiri a babatoni ndi kaligo m'kalasi akadali moyo, ana akunge chingwe ndi manja awo.