Shamva: Tauni ya Mgodi ndi Cholowa cha Matchona

Tauni ya Shamva ili m'chigawo cha Mashonaland Central m'dziko la Zimbabwe, kumpoto chakum'mawa kwa Harare. Tauniyi ndi yaing'ono, ndipo idakula chifukwa cha golide. Koma yemwe angafune kulemba mbiri ya apantchito ochokera ku Malawi sangailambalale, pakuti anthu ambiri omwe adaswa miyala ya mgodi wa Shamva adali ochokera ku Nyasaland.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, msonkho wa atsamunda udakakamiza amuna ambiri kukasaka ndalama kunja. Ambiri ankayenda pansi kudzera ku Tete, n'kuwoloka Zambezi, mpaka kukafika kumigodi ya Southern Rhodesia. Mu 1903 kudakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesian Native Labour Bureau, lomwe apantchito adalitcha "chibalo" kaamba ka nkhanza zake. Dzinali ndi lomwe Charles van Onselen adapatsa buku lake la mu 1976, Chibaro, lofotokoza za moyo wa m'makomboni a migodi: chakudya chosakwanira, matenda ndi malipiro ochepa.

Mmodzi mwa omwe adagwirako ntchito ku Shamva ndi Clements Kadalie, mbadwa ya ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, yemwe adaphunzira ku Livingstonia. Iye adali kalaliki pamgodipo asadapitirire ulendo wake kumwera. Mu 1919 adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town, ndipo nthambi yake ya ku Durban idakula kwambiri motsogozedwa ndi A.W.G. Champion. Nako ku Shamva moto sudazime. Mu 1927 apantchito oposa 3,000 adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo omwe adali patsogolo adali anthu a ku Nyasaland. Boma lidathetsa kunyanyalako m'masiku owerengeka, komabe lidazindikira kuti anthu omwe linkawayesa alendo osowa mawu atha kumanga mfundo imodzi.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo a m'migodiyi ambiri sadakamuke. Adakwatira komweko, adabereka ana, ndipo kwawo adayamba kutchedwa matchona. Adamanga mizikiti ndi matchalitchi a CCAP, ndipo gule wamkulu, yemwe Ashona amamutcha zvigure, akuvinidwabe m'midzi ya m'migodi ndi m'mafamu. Ziyankhulo nazo zidasunga mbiriyi. Ashona adawapatsa dzina loti mabhurandaya, lochokera ku Blantyre. Pantchito ankalankhula Chilapalapa, mphukira ya Fanakalo, chiyankhulo chomwe akatswiri ambiri amati chidayambira ku Natal. M'Chichewa mudatsala mawu monga chibalo ndi komboni, komanso mayina oti Wenela ndi Mthandizi.

Pamenepa mpomwe pali funso la cholowa. Ku Slovakia kuli tauni ya Banská Štiavnica, yomwe idalemera ndi siliva ndi golide. Kumeneko kudatsegulidwa sukulu ya ukachenjede wa zamigodi mu 1762, ndipo mu 1993 bungwe la UNESCO lidaika tauniyo pamndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse. Migodi idatsekedwa, koma nyumba, madamu ndi ngalande zake zikusamalidwa ndipo ana asukulu amakaziona. Cholowa cha matchona a ku Shamva n'chosiyana: chili m'manda, m'nyimbo ndi m'kamwa mwa okalamba. Gule wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma ovina a ku Zimbabwe sadawerengedwe nawo.

Ngakhale unzika wawo udakhalapo pachiswe. Lamulo la mu 2001 lidachititsa kuti ambiri obadwira ku Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi aziwerengedwa ngati alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adawatsegulira njira yotenganso unzika.

Cholowa chokhala m'kamwa chimapita kumanda pamodzi ndi mwini wake. Zidzukulu zambiri za matchona tsopano zimalankhula Chishona kuposa Chichewa. Ntchito yojambula mawu a okalamba, nyimbo za gule ndi mayina a midzi yomwe adachokera ikudikira ophunzira a zambiri ndi a ziyankhulo a ku Zomba, Harare ndi Durban, okalambawo akadali moyo.