Mfuti ya Lee-Enfield SMLE Mk III: Kuzindikira Zaka Zake

Iyi ndi mfuti ya asilikali a Britain yomwe inavomerezedwa mu 1907, ndipo imalowa zipolopolo khumi za .303. Asilikali a King's African Rifles a ku Nyasaland ankainyamulanso.

Wofuna kudziwa zaka zake ayang'ane mkombero wachitsulo womwe umalumikiza thako la mfuti ndi thupi lake, mbali ya kumanja. Apa anadindapo chisoti chachifumu, chaka, ndi fakitale: Enfield, BSA kapena LSA. Zilembo ER zikuimira Mfumu Edward VII, GR zikuimira George V kapena George VI. Ya ku Australia imalembedwa Lithgow, pomwe ya ku Ishapore ku India imakhala ndi GRI, kapena RFI ikakhala yopangidwa dzikolo litalandira ufulu.

Kanyenyezi kotsatira III n'kofunika kwambiri. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itakula, mafakitale anachotsa zida zina kuti ntchito ifulumire, monga kachitsulo kotsekera magazini ndi zolozera patali za mbali ya kumanzere. Mtundu wosavutawu ndiwo Mk III*.

Koma chaka chodindidwacho n'cha thupi lokha. Mfuti zambiri zinakonzedwanso, zida n'kusinthidwa, n'chifukwa chake katswiri amafananiza nambala ya pathupi ndi ya pabawuti, pampope ndi pachitsulo cha kukamwa. Zikagwirizana, mtengo umakwera. FTR imasonyeza kuti inakonzedwanso yonse kufakitale. Yolembedwa DP inali yophunzirira perete basi, ndipo isaombedwe ngakhale ikuoneka yolimba chotani.