KAZENERA KA PA CAIRO ROAD

Ana a masiku ano akamva akuru akunena kuti, "Ife kale tinkagula pa windo," amayesa nthabwala cabe. Iwo anabadwa zitseko za masitoro ziri zotseguka, ndipo amalowa, nagwira cinthu, nacitembenuza, nacisiya ngati mtima wao sunacifune. Koma kazenerako kanalipodi, ndipo mbiri ya ufulu wa Zambia siimveka bwino munthu akakasiya kunja. Anthu ambiri a m'makomboni sanawerenge mapepala a Citaganya, ndiponso sanapondemo m'Bwalo la Malamulo. Koma nyama, sopo ndi mankhwala anagula ali yense, ndipo pogula pamenepo ndi pamene tsankho linakomana naye maso ndi maso, tsiku ndi tsiku.

Lusaka anayamba m'caka ca 1905 monga poima sitima pa njanji yocokera ku Livingstone, ndipo dzina lace linacokera kwa mfumu ya mudzi wa pafupi, Lusaaka. M'caka ca 1935 Boma linasamutsa likulu la Northern Rhodesia kucokera ku Livingstone kudza kuno. Amene anajambula mzinda watsopanowo anaujambulira Azungu. Iwo anapatsidwa malo a kumtunda, kumene m'kupita kwa zaka kunamangidwa mayadi a Rhodes Park, Woodlands ndi Kabulonga. Munthu wakuda anayesedwa mlendo wodzagwira nchito, amene adzabwerera kwao mphamvu zikatha. Cotero ku Kabwata anammangira tinyumba tozungulira ta denga la udzu, tokwanira mwamuna mmodzi wopanda banja. Malonda naonso anagawidwa momwemo. Masitoro akuru a Azungu anandanda pa Cairo Road. A Amwenye anali m'miseu ya kumbuyo, Livingstone Road ndi Stanley Road, imene lero ichedwa Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way, ndiponso ku Kamwala, kumene kunachedwa malo a malonda a gulu laciwiri.

Kugula pa windo sikunalembedwe m'buku la malamulo. Unali mwambo wa eni masitoro okha, ndipo mwina ncifukwa cace unabvuta kuuzula, pakuti Boma likafunsidwa linayankha kuti sitoro iri ndi mwini wace. Khomo la kutsogolo linali la Azungu. Cam'mbali kapena kuseri kwa nyumba kunali kabowo m'khoma, ndipo wakuda ali yense, kaya mphunzitsi, kaya mbusa, kaya kalaliki wa Boma wobvala tayi, anaima pamenepo pa dzuwa, pa pfumbi kapena pa mvula. Anachula cimene anafuna, napereka ndarama, nalandira cimene dzanja la m'kati linasankha. Kuyesa nsapato kunalibe, kuyerekeza nsaru ziwiri kunalibe. Mzungu akalowa m'katimo, a pa windo anayamba adikira kufikira iye atatha. Ku positi ndi ku banki nakonso kunali makomo awiri. Komatu sileni yolowa pa kabowo inali ndi mutu wa Mfumu womwewo umene unali pa sileni yolowa pa khomo, ndipo madzulo zonse ziwiri zinagona m'bokosi limodzi.

Kumene mtima unawawa koposa kunali ku buchara. Sopo ndi sopo, ngakhale woigulira pa kabowo. Koma nyama ifuna maso. M'katimo dona analoza nyama imene anaikonda, naiona ikuyesedwa pa sikelo. Kwa a kunja kunaturuka timitolo tokulungiratu m'pepala, ta nyama imene eni ace anaicha nyama ya maboyi: mafupa, mitsempha, mafuta ndi zodulidwa zotsala, nthawi zina zoyamba kale kununkha. Mai wa ku Kabwata kapena ku Chilenje anayenda ulendo wonsewo wa pansi mwana ali kumbuyo, nadziwa cimene wagula pomasula pepalalo kwace, ndipo kubweza kunalibe. Taganizani za mkhukhi wa ku mayadi. M'mawa anadza ndi kalata ya dona, natenga nyama yofewa ya mnofu wokhawokha. Pa Loweruka anadza ndi ndarama za thukuta lace, nalandira mafupa. Kapepala kanali ndi ulemu woposa munthu wokanyamula.

Pali munthu mmodzi amene okamba mbiri iyi samchula kawirikawiri, ndiye amene anaima m'kati mwa kazenerako. Nthawi zambiri anali wakuda mnzao. Pa thebulo la kutsogolo anagulitsa akazi a Cizungu. Iye nchito yace inali kusesa, kusenza matumba, kupalasa njinga kukatula katundu ku mayadi, ndi kugulitsa pa windo. Ngakhale anali ndi imvi anaitanidwa boyi, nalamulidwa m'Cilapalapa, cinenero cija ca "bwera, tenga, coka" cimene a ku migodi acidziwa bwino. Mafupa sanasankhe iye, koma mwano wonse wa ogula unagwera iye, popeza nkhope yace ndiyo inaoneka pa kabowo. Akamvera cisoni mai wina, namuponyeramo kamnofu, bwana akaona nchito yatha, ndipo kutha kwa nchito kunali kutha kwa nyumba ya m'komboni. Motero sicodabwitsa kuti pamene William Comrie anatumidwa kucokera ku Ulaya m'caka ca 1947 kudzathandiza anchito akuda kupanga zigwirizano zao, a m'masitoro a ku migodi ndiwo anali oyamba kugwirizana. Cigwirizano cacikuru ca anchito a m'migodi, cotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, cinadza pambuyo pace, m'caka ca 1949. Wonyamula matumba a suga anatsogolera wokumba mkuwa.

Kwa Mmwenye kunali kwina. Munthu analowa, nagwira nsaru, nanenerera mtengo, napatsidwa basela ya singano kapena maswiti a mwana, telala ali pa khonde kudikira kusoka. Madandaulo sanasowe kumeneko, makamaka a mitengo ndi a malipiro ocepa a anchito, koma khomo linali limodzi.

Congress inabadwa m'caka ca 1948, ndipo Harry Nkumbula anakhala mtsogoleri wace m'caka ca 1951. Nkhondo yace yaikuru inali yokana Citaganya ca maiko atatu. Mu March 1953 Nkumbula anatentha pepala la Citaganyaco pa maso pa khamu la anthu m'Lusaka, koma m'caka comweco Citaganya cinakhazikitsidwa, ndipo anthu ambiri anataya mtima, nati Congress ndi mau okha. Apo atsogoleri, pamodzi ndi mlembi wamkuru watsopano, Kenneth Kaunda, anafuna nkhondo imene munthu wamba akhoza kuimenya ndi kuona cipatso cace. Eni Citaganya analalikira kuti Azungu ndi akuda adzayenda pamodzi monga abwenzi. Congress inati ubwenziwo uyesedwe pa khomo la sitoro.

Kumayambiriro kwa caka ca 1954 anthu akuda a m'Lusaka ananyanyala kugula m'mabuchara. Anyamata ndi amai a Congress anaima pafupi ndi makomo kubweza ogula, ndipo ena a iwo anagwidwa ndi apolisi. M'makomboni miphika inaphika nyemba, nsomba zouma ndi masamba. Mphamvu ya cinthuci inagona m'thupi la ng'ombe momwe. Ng'ombe siikhala mnofu wokhawokha. Iri ndi mutu, ziboda, nthiti, matumbo ndi mafupa, ndipo zonsezi dona sanazifune. Mwini buchara anapindula cifukwa a pa windo anagula zimene a pa khomo anakana. Iwo ataleka, theka la ng'ombe linatsala pa mbedza, ndipo patapita masabata eni mabuchara anayamba kufewa, nalola akuda kulowa ndi kuona nyama asanalipire. Kaunda analeka kudya nyama cifukwa ca nkhani yomweyi, ndipo sanabwererenso kwa iyo kufikira imfa yace m'caka ca 2021. Pakati pa amai amene anachuka pa kunyanyala kotere panali Julia Chikamoneka, yemwe uja anabvula pa maso pa Iain Macleod pa bwalo la ndege la Lusaka m'caka ca 1960.

M'caka ca 1956 kunyanyala kunabuka kwatsopano, m'Lusaka, ku Broken Hill ndi m'matauni a ku migodi, ndipo ulendo uno kunakhudza masitoro a mitundu mitundu, a Amwenye omwe. Siziyenera kubisidwa kuti si onse anasiya kugula mwa kufuna kwao. Analipo ena amene anaopsezedwa, ena analandidwa katundu pa njira, ndipo wanchito wa m'sitoro yonyanyalidwa anagona ndi mantha awiri, a bwana usana ndi a anansi usiku. Komabe kucokera m'zaka zimenezo tizenera tinayamba kutsekedwa kamodzi kamodzi. Kufikira lero akuru amakamba nthano ya munthu amene analipira njinga pa windo, ndipo atauzidwa kuti azungulire ku khomo akaitenge, anakana, nati, "Ndarama yalowera pano, njinganso iturukire pano." Okamba amasiyana pa dzina la munthuyo, koma onse amaseka pa malo amodzi.

Nyumba zodyeramo zinalimba kuposa masitoro. Wogula nsaru aima kanthawi nacoka, koma wakudya akhala pa mpando, namwera kapu imene mawa adzamwera Mzungu, ndipo apa ndi pamene eni ace anaumitsa khosi. M'caka ca 1957 Kaunda ndi Nkumbula analowa m'nyumba yodyeramo ku Kitwe kufuna cakudya. Anauzidwa kuti maboyi sapatsidwa cakudya m'menemo, ndipo onse awiri anaturutsidwa mwa nkhanza. Iye mwini analemba nkhaniyi m'buku lace la 1962. Codabwitsa ncakuti m'nyumba zotere wophika cakudya, wotsuka mbale ndi wopereka pa thebulo kawirikawiri anali akuda; manja ao analoledwa pa mbale, koma milomo ya abale ao ai. M'caka comweco ca 1957 Boma linaika lamulo lokhazikitsa timabungwe tomva madandaulo a tsankho ndi kuyanjanitsa anthu, koma linalibe mano, pakuti mwini sitoro wokana sanalangidwe. Lamulo la mano linayamba kugwira nchito pa 1 September 1960, loletsa kukaniza munthu m'nyumba za tiyi, zodyeramo ndi za kanema cifukwa ca khungu lace. Ku Kitwe masiku oyambawo kunali cipolowe, Azungu ena akumenya akuda amene anadza kudzayesa mipando.

Ufulu unadza pa 24 October 1964, ndipo mabanja a anthu akuda anayamba kulowa m'mayadi a Woodlands ndi Kabulonga. Mu April 1968, ku Mulungushi, Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 mwa 100 m'makampani akuru ambiri, pamodzi ndi masitoro monga CBC ndi OK Bazaars. M'menemo munaturuka maina amene akuru awakumbuka, ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni, ndipo mwana wa wosesa anakhala pa makina a ndarama, wina nakhala manijala. Koma mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, katundu anayamba kusowa. Amai anacoka ku Chelstone ndi ku Matero kusanace kukafola mzere wa sopo, suga, mafuta ophikira ndi unga, ndipo kawirikawiri atafika kutsogolo anamva liu limodzi, "Kulibe." Katunduyo anaturukira kuseri, kwa odziwana ndi wogulitsa. Khomo la kumbuyo, limene kale linali la onyozeka, linasanduka la amwai, ndipo wogulitsa amene atate wace anaitanidwa boyi anayamba kupatsidwa moni ndi manja awiri. Mu June 1990 mtengo wa unga utakwezedwa, anthu anaswa masitoro m'Lusaka, ndipo ena anafa.

Boma la Frederick Chiluba, limene linalowa m'caka ca 1991, linagulitsa masitoro a Boma aja. Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitoro yace yoyamba pa Cairo Road m'caka ca 1995, ndipo Manda Hill anatsegulidwa m'caka ca 1999. Wogula anayamba kuyenda yekha pakati pa mashelefu ndi dengu m'manja, nyama iri poyera, kulemera kwace ndi mtengo wace zitalembedwa pamwamba. Nkhani ya woima kuseri kwa thebulo inatsala. Mu October 2013 anchito a Shoprite ananyanyala nchito cifukwa ca malipiro, ndipo kampani inacotsa anthu ngati 3,000. Boma linaopseza kuti lidzalanda cilolezo cace ca malonda, ndipo pasanapite masiku ambiri anchitowo anabwezedwa pa nchito.