Kodi "bize" n'kutakataka?

Kwa Mpama ku Chiradzulu ukafunsa munthu chifukwa chake sanaoneke ku mapemphero a mlaga, yankho lake ndi lakuti, "Pepani, ndinali bize." Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, busy, ndipo amangotanthauza kutanganidwa, kusowa mpata. Sanena kuti ntchitoyo inabala kanthu. Apa m'pamene ambiri amasokoneza bize ndi kutakataka, komwe ndi kulimbikira ntchito yoti pakhomo papezeke chakudya ndi fizi.

Taonani mayi wa Mvano. Lolemba banki m'khonde, Lachitatu kwaya, Lachinayi msonkhano, Loweruka komiti ya ukwati, foni ili kukhutu. Kumunda nandolo wauma n'kuyamba kuthetheka yekha. Mayiwa ali bize ndithu, palibe angawatsutse.

Marita wa pa Luka 10 analinso bize kukhitchini. Yesu sananyoze zophika zake. Anamudzudzula chifukwa cha nkhawa ya zambirimbiri, pomwe m'bale wake Mariya anasankha chinthu chimodzi chofunika. Ntchito yeniyeni Akhristu a ku Chiradzulu amaidziwa: mishoni imene John Chilembwe anatsegula ku Mbombwe mu 1900 inkaphunzitsa Mawu, sukulu ndi ntchito zamanja pamodzi.