Nsambo za Amalume ndi Khutu la Makolo

Amalume anga a ku Ndirande adali ndi banjo yopanga okha: chigubu cha mafuta, kathabwa, ndi nsambo zinayi za waya wa mabuleki a njinga. Tsiku lina ndidawapeza atagona, ine n'kutenga banjoyo n'kuichuna motsata kamakina ka pafoni. Ndimati ndikuwathandiza, paja ndidali nditangotenga kumene dipuloma. Atadzuka adakhwacha kamodzi n'kundiyang'ana.

"Mphwanga, nyimbo zanga waziika kuti?"

Adamwalira ndisanawafunse mmene amakungira nsambozo. Banjo ndili nayo, koma nyimbo zawo zimakana kutulukamo.

Awerengi, funso lomwe landisautsa chiyambire ndi ili: kodi adalamula ndani kuti kachunidwe koona ndi kamodzi kokha? Mbiri ikutiuza kuti ngakhale Azungu eniake sadayambe choncho. Zaka za m'ma 1500 ku Ulaya kudatchuka choimbira chotchedwa lute, mbale wake wa gitala, chomwe chidachokera ku oud ya Aluya. Nsambo zake zidali za matumbo a nkhosa, ndipo malangizo a nthawiyo adali akuti ukunge nsambo yaing'ono mpaka itatsala pang'ono kuduka, kenaka zinazo uzilinganize ndi imeneyo. Ndiye kuti lute ya John Dowland, katswiri wa ku England yemwe adamwalira mu 1626, imalira molingana ndi mphamvu ya nsambo yake, osati lamulo la munthu. M'zaka za m'ma 1600 oimba a ku France adayesa makungidwe osiyanasiyana asanakhazikike pa amodzi. Muyeso woti liwu la A lizinjenjemera ka 440 pa sekondi adagwirizana ku London mu 1939. Dzulodzuloli!

Kuno kwathu khutu lidali ndi malamulo akeake. Amang'anja ndi Asena a kuchigwa cha Shire amachuna bangwe ndi valimba pa mawu asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, zomwe piyano ya kutchalitchi siingathe. Hugh Tracey, yemwe adajambula nyimbo muno mu 1950 ndi 1958, amayenda ndi tizitsulo toyezera mawu, chifukwa adadziwa kuti zomwe amamvazo sikudali kuphonya ayi, koma dongosolo.

Gitala ndi banjo zidafala nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, pobwera ndi asilikali komanso matchona ochokera ku Salisbury ndi ku Joni. Anthu sadadikire buku. Ena adagoneka gitala pamiyendo, n'kuchuna kuti nsambo zonse zigwirizane popanda kudina chala, n'kumatsetsereka ndi botolo. Kaimbidwe kameneka adakatcha hauyani, kuchokera ku dzina la Hawaii, ndipo Ndiche Mwarare adatchuka nako. Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, yemwe adabadwa mu 1947 n'kumwalira mu 1987, amachotsa dala nsambo imodzi n'kuimba ndi zisanu. Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana naye pamodzi ndi mng'ono wake Donald mu Blantyre muno mu 1967, n'kulemba za kaimbidwe kawo. Ntchito yosunga nyimbo zoterezi adaipitiriza Moya Malamusi ku Chileka komweko. Koma nanga a Allan Namoko ang'onoang'ono omwe amaimba m'mashabini a ku Zingwangwa, Chilomoni ndi Machinjiri, adawalemba ndani?

Apa mpomwe pagona nkhani. Ku Ulaya, ofuna kuimba nyimbo zakale lero amafufuza m'mabuku momwe lute imachunidwira, chifukwa eni ake adalemba. Ife buku lathu lidali khutu la mkulu. Mkulu akapita, nyimbo itha kutsala pa tepi, koma njira yokungira nsambo imalowa naye m'manda. Tsono mnyamata akaiimba pa kiyibodi, mawu ake ndi omwewo, koma ndiwo zake zilibe mchere.

Sindikunena kuti titaye makina, ayi ndithu. Ndikungopempha kuti ngati kwanuko kuli agogo omwe akadali ndi banjo kapena bangwe, musathamangire kuwakonzera. Khalani pansi, muwajambule akudina nsambo imodziimodzi, muwafunse dzina la kachunidweko ndi yemwe adawaphunzitsa. Paja mawu a akulu akoma akagonera, koma amakoma kwa yemwe adawamva.

Ine ndiye madzulo ena ndimatenga banjo ija, foni n'kuisiya kuchipinda. Ndimapotokola zikhomo pang'onopang'ono, kumvetsera ngati amalume angandiyankhe.